Chitsulo Chozizira Chokha ku Luwinga

Ku Mzuzu tinabwera chifukwa cha ine. Boma linandisamutsa kuchoka ku Dedza kuti ndidzagwire ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ya m'tauni muno, ndipo amuna anga anapakira zitsulo zawo pa lole n'kunditsatira. Abale awo anang'ung'udza kuti mwamuna satsatira mkazi, koma iwo sanawamvere. Tinapeza nyumba ya lendi ku Chiputula yokhala ndi kamalo kuseri, ndipo pakamalopo anamangapo shedi ya malata. Ana athu awiri anayamba sukulu, ine ndinayamba ntchito, iwo anayamba kugogoda.

Poyamba ankachita chilichonse chimene munthu wabwera nacho: kuwotcherera mageti, kukonza mawilibala, kunola nkhwangwa. Koma mtima wawo unali pa sefa za chigayo. Eni zigayo a ku Ekwendeni ndi ku Mzimba ankadandaula kuti sefa ikang'ambika amayimitsa chigayo mpaka ina itachokera kutali. Amuna anga anali ndi pulesi ya manja, chimakina cholemera chokhala ndi chogwirira chachitali, ndipo ankati akhoza kumaboola okha malata okhuthala n'kupanga sefa pompano. Chimene chinkasowa ndi chitsulo chimodzi chokha, chimene ankachitcha dayi. Ndi chitsulo chophwatalala, chachikulu ngati chikhatho chotambasula, chokhala ndi timabowo tambirimbiri mondondozana. Lata limagona pamwamba pake, timisomali tolimba timatsika kuchokera kumwamba, kuboola latalo ndi kulowa ndendende m'timabowomo. Dayi ikapindika pang'ono pokha, timisomali timasemphana ndi mabowo n'kuthyoka.

Dayi zoyamba anazipanga ndi sipuling'i ya lole. Ankatha masiku akuboola timabowoto, msana uli wopindika, mpaka maso kufiira. Akamaliza ankakoleza makala, kuwotcha chitsulocho mpaka chitafiira, kenako n'kuchiviika mu oyilo wakale wa injini kuti chilimbe. Utsi unkadzaza bwalo lonse. Ndiye chikatuluka mu oyilomo chinali chitapindika ngati chikamba cha nkhanu. China chinaoneka bwino ndithu, koma ali mkati mochipukuta ndinamva ndili m'khitchini kuti kha! Chinali chitang'aluka kuchokera bowo lina kukafika lina.

Masiku amenewo ankabwera kudzakhala pa mpando wa m'khitchini, manja akuda ali pamaondo. Ine ndinkawathirira tiyi n'kumawauza kuti zidzatheka. Za zitsulo sindinkadziwa kanthu, koma madandaulo onse ankathera kwa ine, ndipo ndinkakhutira ndi zimenezo.

Pa Khirisimasi ina msuweni wawo amene amagwira ntchito m'fakitale ku Joni anabwera ndi mphatso yolemera yokulunga m'mabulangete. Zinali zitsulo zotuwa, zosalala, zosaoneka zachilendo konse. Anakhala pakhonde madzulo onse akuwafotokozera, ine ndikumvera chapatali uku ndikusenda mbatata. Akuti chitsulo chimenechi chimabwera chili chofewa, munthu n'kuchiboola kapena kuchipala ndi tupa mosavuta. Koma mkati mwake anasakanizamo zitsulo zina, moti chikatenthedwa bwino sichifuna madzi kapena oyilo ayi. Umangochitulutsa pamoto n'kuchiika poyera, ndipo chimalimba chokha pamene chikuzizira ndi mpweya. Popeza sichidzidzimutsidwa ndi kuviikidwa, sichipindika, ndipo mabowo amakhala pomwe unawaboola.

"Vuto lake n'limodzi, achimwene," anatero msuweniyo. "Pa makala musayese. Chimafuna moto woyeza, wofanana mbali zonse, pafupi ndi madigiri chikwi, ndipo ukhazikike pamenepo osakwera osatsika. Mukachepetsa sichilimba. Mukapyoletsa chimasanduka chophwanyika ngati bisiketi."

Zitsulozo zinagona pansi pa bedi lathu miyezi ingapo. Kenaka bambo wina wa kutchalitchi kwathu anauza amuna anga kuti ku Luwinga kuli mayi wina woumba makapu ndi mbale zadothi, amene ali ndi ng'anjo ya magetsi yosonyeza kutentha ndi manambala. Nditamva kuti woumba, m'maganizo mwanga munabwera mayi wachikulire wa zidendene zong'aluka ngati oumba mbiya a kwathu. Loweruka loyamba limene anapitako ndinawaphikira masikono kuti akawapatse mayiwo, asakafike chimanjamanja.

Anabwerako dzuwa litapendeka, nkhope ili ngwee.

"Mayi, zatheka! Taonani." Anatulutsa kachidutswa koyesera m'thumba n'kukakwecha ndi tupa. Tupa linangotsetsereka, likulira ngati likudutsa pa botolo. "Mwamva? Silikuluma ngakhale pang'ono. Mayi aja ndi anzeru chomene."

Liwu loti chomene linandibaya khutu. Amuna anga anali atatola Chitumbuka msanga chifukwa cha makasitomala, pamene ine ku ofesi tinkangoyankhula Chingerezi ndi Chichewa, ndipo ndinkadziwa moni yekha. Koma m'nyumba mwathu anali asanandiyankhulepo chotero.

Anagwirizana kuti mayiwo aziwawotchera zitsulo, iwo aziwakonzera zipangizo zawo zoumbira ndi chitseko cha ng'anjo chimene chinali chitayamba kugwedera. Kuyambira pamenepo Loweruka linasiya kukhala lathu. Ankanyamuka m'mawa, kubwera mdima ukuyamba. Ndikafunsa chimene chimatenga tsiku lonse, yankho linalipo, ndipo linali lomveka. Ng'anjo imafunika kutentha pang'onopang'ono. Chitsulo chimayamba chaima pa moto wapakati kuti chitenthe mpaka mkati, kenako n'kukwera. Chikafika pamwamba chimadikira. Chikatuluka chimadikiranso. Magetsi akazima pakati, zonse zimayambiranso. Palibe chimene ndikanatsutsa, ndipo n'chimene chinkandipweteka kwambiri.

Ndinayamba kuona tinthu. Munthu amene ankapita kukawotcherera geti ndi ovolosi ya dzulo, tsopano Loweruka m'mawa ankameta ndevu. Pobwera buluku linkakhala ndi madontho a dothi loyera. Pa tebulo nkhani iliyonse inkayamba ndi "mayi aja akuti". Mayi aja akuti dothi nalonso limasweka ukalifulumiza. Mayi aja akuti mawaya a m'shedi mwanga ndi ochepa mphamvu. Tsiku lina mwana wathu wamkazi anatsokomola, bambo ake n'kunena kuti mayi aja akuti tiyi wa jinja amathandiza. Ndinaika supuni pansi.

"Jinja ndinayamba kumudziwa ndisanakudziweni inuyo," ndinatero.

Anandiyang'ana modabwa, n'kupitiriza kudya.

Amene anandionetsa mayiwo ndi mnzanga wa ku ofesi, wokhala ku Salisbury Lines, mbadwa ya mumzinda muno amene amadziwa aliyense. Tinali pa msika nthawi ya nkhomaliro, kukuwaza kamvula kosatha kaja ka kuno, pamene anandigwira mkono.

"Si awo mayi a makapu aja? Amene adada akunyumba kwanu amapitako?"

Ndinayang'ana. Anali mzimayi wa msinkhu wanga, wamtali, tsitsi lometa lalifupi, atavala jinzi ndi juzi yofiira. Ankakweza thumba la mpunga kumbuyo kwa kapikapu kakale, yekha, uku akuseka ndi wogulitsa. Atamaliza anakwera kutsogolo n'kuliza galimoto yekha.

"Ali pabanja?" ndinafunsa.

"Ayi. Anaphunzira kunja, anabwerako, amakhala yekha m'nyumba ya malemu bambo ake. Munthu wabwino chomene," anatero mnzangayo. Ndiye anawonjezera, "Koma inu muli ndi mtima, mama. Ine sindingathe."

Masana amenewo ndinalakwitsa kalata imodzi katatu.

Sindinanene kanthu kunyumba. Ndikanati chiyani? Amuna anga sanabisepo foni, sanachedwepo kuposa m'mene ananenera, ndipo Lamulungu tinkakhala limodzi m'tchalitchi monga kale. Ndinkangodzuka Loweruka n'kumachapa zovala mwaukali mpaka zala kutupa.

Nkhani inaphulika chifukwa cha khitchini. Anali atamaliza kuboola dayi yeniyeni yoyamba, ndipo akundifotokozera m'mene adzachitire Loweruka likudzalo. Anati chitsulo chikazizira kufika poti n'kuchigwira ndi dzanja, adzachilowetsa msanga mu uvuni wa m'khitchini mwa mayiwo monga amachitira nthawi zonse.

"M'khitchini?"

"Eya. Chikangolimba chimakhala chaukali ngati galasi, mukachigogoda chikhoza kusweka. Ndiye chimafunika kubwereranso pa moto wochepa, ngati wophikira keke, kuti ukaliwo utsike koma kulimba kutsale. Kawiri. Ng'anjo yaikulu ija imakhala idakali yotentha kwambiri mpaka mawa lake, ndiye timagwiritsa ntchito uvuni wawo wophikira."

"Ndiye nthawi yonseyo mumakhala kuti?"

"M'khitchinimo. Timadikira."

Ndinali ndikuganiza kuti amakhala panja, pa shedi, pakati pa fumbi ndi zitsulo. Tsopano ndinawaona atakhala pa mpando wa m'khitchini ya mkazi wina, manja ali pamaondo, wina akuwathirira tiyi.

"Uvuni ndili nawo ine," ndinatero. "Muzibwera nacho kuno."

"Sichingadikire ulendo, mayi. Kuchoka ku Luwinga, kudikira minibasi, kutsika m'tauni, kukwera ina. Chikazizirira m'njira chisanabwerere pamoto chikhoza kung'aluka chokha m'thumba. Ntchito ya masiku onsewa."

"Chabwino," ndinatero.

Loweruka m'mawa, iwo akumeta ndevu, ndinazula uvuni wanga pakhoma. Unali kauvuni ka magetsi kokhala patebulo, kamene ndinkaphikira makeke a maukwati ang'onoang'ono. Ndinaukulunga m'chitenje, kuitana takisi, n'kuvala diresi yanga yabuluu ya kutchalitchi. Atatuluka kubafa anandipeza nditakhala pakhonde, uvuni uli pambali panga. Anayang'ana uvuniwo, anayang'ana ine. Anangounyamula kukauika m'buti.

Nyumba ya mayiwo inali kuseri kwa timashopu ta ku Luwinga, pakati pa nyumba zimene ana a ku yunivesite amachita lendi. Anatuluka atamva galimoto, manja ali ndi dothi mpaka m'zigongono.

"Monire, mama! Mwabwera nokha lero, yewo chomene. Masikono aja sindinawaiwale." Chichewa chake chinali chabwino, chongopendekera kumalankhulidwe a kuno. Ataona uvuni sanafunse chilichonse. Anati, "Mwachita bwino, tiuike pakhonde apa, pali soketi," ndipo anagwira mbali ina, amuna anga mbali ina.

Ndinkafuna kuti akhumudwe, kapena achite manyazi. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Ananditulutsira mpando wabwino, n'kubwerera ku ntchito.

Ng'anjo inali m'kachipinda kotseguka mbali imodzi, chibokosi cha njerwa zoyera chokutidwa ndi chitsulo, chokhala ndi kagalasi kosonyeza manambala ofiira. Ndinaonerera akukulunga dayi ija m'kapepala kachitsulo kopyapyala, konyezimira, akupinda m'mphepete mosamala ngati akutseka envulopu. Asanatseke, mayiyo anaponyamo kachidutswa ka nyuzi. Ataona ndikuyang'ana anandifotokozera kuti kanyuziko kamapsa n'kudya mpweya wotsalira mkatimo, chifukwa mpweya ukakhudza chitsulo pa moto waukulu chotero umawononga khungu lake, kunja n'kukhala kofewa. Ndinagwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale.

Tinadikira. Manambala ankakwera, kuima, kukweranso. Iwo awiri ankayankhula Chitumbuka, akakumbukira kuti ndilipo n'kutembenukira ku Chichewa, posakhalitsa n'kuiwalanso. Ine ndinakhala mowongoka pampando, chikwama pamiyendo, diresi yabuluu ikutola fumbi la dothi.

Nthawi itakwana, mayiyo anakatseka zenera la m'mbali, akuti mphepo ikawomba mbali imodzi chitsulo chimazizira mosiyana. Ndiye anavala magolovesi, n'kuima kuchitseko cha ng'anjo. Amuna anga anatenga chopanira chachitali. Mayiyo anatsegula, kutentha kunandimenya kumaso ndili patali, ndipo mkatimo munali mowala ngati dzungu lakupsa. Amuna anga analowetsa chopanira, kutulutsa phukusi lija, kutembenuka. Pamene ankatembenuka iye anali atatseka kale chitseko, sizasi ili m'manja. Anadula kapepala kaja kamodzi, dayi inatsetsereka, iwo anaigwira n'kuiimika chammbali pa waya kuti mpweya uzidutsa uku ndi uku. Zonsezi zinachitika mwa kanthawi kochepa, ndipo sanagundane ngakhale kamodzi. Aliyense ankadziwa kumene dzanja la mnzake likupita.

Ine ndi amuna anga tikamasuntha kabati timakangana kuti ndani ayambe kutuluka pakhomo.

Chitsulo chinaima pamenepo chikuzima pang'onopang'ono, kuchoka ku kuwala kuja kufika kufiira, kenako kuda. Panalibe utsi, panalibe phokoso, panalibe chochita. Iwo awiri anangonjuta pambali pake akuchiyang'ana. Patapita nthawi amuna anga anayamba kuyandikiza dzanja, kenako kuchikhudza, kenako anachinyamula. Anakwechapo tupa pakona, n'kuchigoneka pa galasi lathyathyathya limene mayiyo anabweretsa. Anachidina kona iyi, kona iyo. Sichinagwedere. Anayang'anana n'kuseka, kuseka kwa anthu amene apambana limodzi. Kenako amuna anga anandikumbukira.

"Mayi, taonani, chili chowongoka!"

"Ndaona," ndinatero. "Uvuni watentha kale."

Ndinali nditauyatsa nthawi yabwino, n'kuika pa nambala imene anandiuza. Imeneyi inali mbali yanga. Koma chitsulo chisanalowe, mayiyo anabwera ndi kawaya koyezera kutentha n'kukalowetsa mu uvuni wanga. Anayang'ana manambala, anachita tsinya pang'ono.

"Mama, uvuni wanu ukunama pachoko waka. Ukutentha kuposa m'mene walembera apa. Tikasiya chonchi chitsulo chifewa mopitirira." Anagwira kotembenuzira kaja, kamene zala zanga zinali zitakafufuta manambala, n'kukabweza m'mbuyo. Anatsegula chitseko kanthawi, anayezanso, ndipo anati tsopano zili bwino. "Makeke samapsa pamwamba mkati musanapse?"

Ankapsa. Zaka zonsezo ndinkawaphimba ndi pepala, n'kumanamizira ufa.

"Ayi," ndinayankha. "Amatuluka bwino."

Dayi inalowa mu uvuni wanga. Amuna anga anapita kumashopu kukagula mabawuti a chitseko cha ng'anjo, ndipo tinatsala awiri pakhonde. Mayiyo anabweretsa tiyi m'makapu ake oumba yekha, obiriwira, opepuka m'manja, okongola moti ndinakwiya. Anandifunsa za dothi la kwathu ku Dedza, ngati amayi anga ankaumba, ngati kuzizira kwa kuno kukufanana ndi kwa kwathu. Ndinayankha mwachidule. Anandiuza kuti amuna anga amanyadira kuti ndimalemba pa kompyuta osayang'ana zala. Sindinadziwe ngati ndisangalale, kapena ndidandaule kuti nkhani zanga zimakambidwa m'khitchini mwake.

"Simuopa kukhala nokha, nyumba yaikulu chonchi?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ndekha? Tsiku lonse anthu sakutha pano. Usiku ndimafuna tulo basi."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndipeze poipa. Zikhadabo zinali zothyoka, khosi linali ndi dothi louma, sanadzole kanthu kumaso. Ankakhala momasuka, mwendo pa mwendo, ngati munthu amene sanayambe wadzifunsapo ngati akukwanira. Galimoto inali yake, nyumba yake, ng'anjo yake, ndipo akayankhula mwamuna ankasiya zimene akuchita n'kumvetsera. Pofika madzulo sindinkadziwanso ngati ndikuchitira nsanje amuna anga, kapena moyo wa mkaziyo.

Dayi ija inagwira ntchito. Pulesi inayamba kulira kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa, ndipo sefa zinkatuluka za mabowo oyera, ofanana. Inaboola malata ambirimbiri m'mphepete mwa mabowo osabunthika. Eni zigayo anayamba kubwera okha ku Chiputula, ena kuchokera ku Rumphi. Anthu ena anafuna mipeni yodulira malata, ena zoboolera mawashala, zonse za chitsulo chomwecho. Ndinkamva amuna anga akufotokozera makasitomala pa shedi, mokweza, monyadira: chitsulo chochokera ku Joni, chosafuna oyilo, ndi mayi wina wa ku Luwinga amene amadziwa moto kuposa amuna onse a mumzinda muno. Za uvuni wanga sizinkatchulidwa.

Uvuniwo unatsala ku Luwinga, ndipo ine ndinayamba kuutsatira. Loweruka lililonse lowotcha chitsulo ndinkapita nawo. Misonkhano ya amayi a kutchalitchi ndinayamba kujomba, makeke a maukwati ndinasiya. Ndinkakhala pakhonde paja ndi zoluka zanga, khutu lili tcheru. Umo ndi m'mene ndinaphunzirira Chitumbuka, osati ku ofesi kapena ku msika. Pang'ono ndi pang'ono mawu anayamba kutseguka, ndipo ndinamva zonse zimene ankakambirana. Zinali za chitsulo, za dothi, za magetsi, za mawaya a ng'anjo amene ankapsa, nthawi zina za mpira. Panalibe liwu ngakhale limodzi loti n'kuligwira. Ndinkayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Amuna anga ankatha kuyankhula ndi mkaziyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo nkhani osatha, pamene ine ndi iwo tikamaliza za ana ndi za ndiwo tinkangomvera wailesi.

Chaka chotsatira abwana anga anandiitana mu ofesi mwawo. Anati ku Kasungu kwatseguka malo apamwamba kuposa anga, ndipo iwo anatchula dzina langa. Ndinatuluka ndikumwetulira ndekha. Kasungu ndi kufupi ndi kwathu, anthu ake ndi a chiyankhulo changa, ndipo Luwinga akanatsala kutali. Ndinagula nkhuku pobwerera.

Amuna anga anasangalala moona. Anandigwira dzanja, anati ndinayenera kukwezedwa kalekale. Ndiye anati, "Inu pitani ndi ana, mayi. Ine ndizibwera kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ntchito yangoyamba kumene kuyenda, makasitomala ali kuno, ng'anjo ili kuno."

"Pochoka ku Dedza simunanene zimenezo."

"Ku Dedza ndinalibe choti ndisiye."

Ananena mosaganizira, ngati munthu amene akunena kuti kunja kukugwa mvula. Mwina ankanena za pulesi ndi makasitomala basi. Ine ndinamva zina. Nkhuku ija ndinaiphika, ana anadya mosangalala, ine ndinangonyambita msuzi.

Ndinakhala ndi nkhaniyo sabata yonse. Ndinkadziona ndili ku Kasungu, pa tebulo lalikulu, Loweruka m'mawa ndikuyang'ana wotchi n'kumadziwa kuti tsopano akumeta ndevu, tsopano akwera minibasi, tsopano chitseko cha ng'anjo chatsegulidwa. Lolemba ndinalowa kwa abwana n'kuwauza kuti ana angozolowera kumene sukulu, sindingawasamutsenso. Anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Malowo anapatsidwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ntchito ine ndemwe. Amuna anga anadabwa, anati ndataya mwayi, koma sanalimbikire, ndipo ndinaona kuti apepukidwa.

Isanathe miyezi yambiri, Lamulungu lina masana tinamva kapikapu kaja kakuima pa geti lathu. Aka kanali koyamba mayiyo kufika kwathu. Anavala chitenje ndi duku, ndipo sanali yekha. Anatsika ndi bambo wina wamfupi, wa imvi pang'ono, wamanyazi, amene anamutchula kuti ndi mphunzitsi wa ku Karonga. Anakhala pa sofa yathu, namwa tiyi, kenako mayiyo anati abwera kudzatiitana ku ukwati. Akuti anadziwana kalekale, bamboyo anali akudikira kuti ana a mkazi wake woyamba, amene anamwalira, akule kaye. Ukwati ukatha asamukira ku Karonga, ng'anjo ndi zonse.

Ndinadumpha n'kululutira mpaka ana anatuluka kuchipinda kudzaona. Ndinamukumbatira, koyamba. Ndinalonjeza kuti keke ndiphika ine, ndipo anati abweretsa uvuni wanga mawa lake.

Keke ija inatuluka bwino. Pa ukwatiwo ndinavina kuposa abale ake, moti mnzanga wa ku Salisbury Lines anandikoka pambali n'kundifunsa ngati ndamwa kanthu. Amuna anga anathandiza kukonza mipando, anajambulitsa ndi akwati, anaseka pamene ena ankaseka. Patapita masiku anapita ndi anzawo kukathandiza kukweza ng'anjo pa lole. Anaimanga ndi zingwe okha, n'kuikira matayala akale m'mbali kuti njerwa zake zisasweke pa mapiri a ku Chiweta.

Anabwerako kukuwaza mvula. Anakhala pakhonde osavula nsapato, akuyang'ana kumsewu.

"Zayenda bwino?" ndinafunsa.

"Zayenda. Akuti ndizitumiza zitsulo pa minibasi, aziwotcha okha konko n'kubweza. Akudziwa zonse, ine sindikufunikanso." Kenako anawonjezera kuti, "Koma sizifanana ndi kuonerera wekha."

Ndinawayang'ana nkhope nthawi yaitali, kufuna kudziwa ngati akudandaula chitsulo chokha. Sindinathe kudziwa, ndipo sindinafunse. Mpaka lero zitsulo zimapita ku Karonga zitakulungidwa m'chiguduli, n'kubwerako zolimba, zowongoka. Ine ndidakali pa tebulo lomwe lija ku ofesi. Tsiku limenelo mvula itakula anadzuka, anapita kuseri kukaphimba pulesi ndi lona, ndipo ine ndinalowa m'nyumba kukaanula zovala za ana zimene ndinaziyanika pa mipando.